Mlendo wa Ba Daka

Loweruka masana, tauni ya Kabwe ili pakalikiliki wa kumsika, kagulu ka anthu kanali kataima m'mbali mwa njanji chakumpoto kwa siteshoni, maso onse atalunjika kumwera. Anali a Gulu la Okonda Njanji, ndipo ankadikira sitima ya katundu imene kunamveka kuti yanyamuka ku Lusaka m'mawa. Nthawi yofikira panalibe woidziwa. Ba Kingstone, wapampando wa gululo, anali pa kampando kawo kopinda, akufotokozera aliyense wofuna kumva za mmene njanji inafikira m'tauniyi dzina lake likadali Broken Hill.

Justina Daka sankamvetsera. Maso ake ankangobwerera pa foni. Kunyumba ku Natuseko ankadziwa kuti ali kukwaya, ndipo anapitadi, n'kuimba nyimbo zingapo, kenako n'kuzemba monga ankachitira Loweruka lililonse.

"Ukayang'ananso foniyo, sitima ichita manyazi, ibwerera," anatero Lubinda, akupukuta galasi la kamera ndi nsonga ya malaya.

Justina anamudziwa Lubinda Sitali chaka chathachi, tsiku limene anatuluka m'chipatala mmene anagonekedwa atate ake, mutu uli balala, n'kukakhala pa benchi la pasiteshoni wopanda kumene akupita. Mnyamata wamtali wonyamula kamera anamupempha mwaulemu kuti asunthe pang'ono, chifukwa ankafuna kujambula benchilo. Linali lakalekale, la miyendo yachitsulo. Justina anaseka koyamba patapita nthawi yaitali, podabwa kuti padziko pali mwamuna woti angaone benchi n'kusiya mtsikana. Kuyambira pamenepo Loweruka linakhala tsiku lake lopumira.

"Ulendo uja watsimikizika," anatero Lubinda motsitsa mawu. "Kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Tikwera pano mpaka ku Livingstone, ndiye tikagwire kasitima ka kwathu ku Mulobezi. Kamayenda ngati nkhalamba yochokera kumaliro, koma kamafika. Amayi ndawauza kale za iwe. Mlongo wanga Nalishebo akuti adzakuchingamira yekha."

"Lubinda, ukudziwa kuti sindingagone kunja. Atate adzawatembenuza ndani? Mankhwala adzawamwetsa ndani?"

"Azakhali ako alipo."

"Anti anabwera kudzayang'anira ine, osati Atate."

Lubinda anatsitsa kamera. "Ine ndatopa kukhala munthu wa Loweruka. Pakhomo panu sindipadziwa. Ndikakumana nawe m'tauni uli ndi azakhali ako, ndimasanduka mtengo wa magetsi, umangondidutsa."

Justina asanayankhe, kafungo ka mafuta onunkhira kanawafika. Anali Cynthia Mulenga, mlembi wa gulu, amene ankaphunzira ku yunivesite ya Mulungushi ndipo ankabwera pa galimoto ya bambo ake.

"Ba Lubinda, tandionereni kamera iyi, ikukana kuona patali." Kenako anatembenuka, akumwetulira ndi milomo yokha. "Ba Justina, kwaya yaweruka msanga lero."

Hutala ya sitima inalira chakutali ndipo aliyense anathamangira pamalo pake. Njanji inayamba kunjenjemera. Injini ya dizilo inatulukira, ikukoka mabogi a malasha, phokoso lake n'kumeza mawu onse. M'phokoso lomwelo Justina anagwira Lubinda pachifuwa, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lake.

"Bwera kunyumba."

"Wati bwanji?"

"Ubwere, koma osati ngati wanga. Ubwere ngati wa gulu, wofuna kumva mbiri ya Atate ya pa sitima. Akakuzolowera, akakukonda, ndiye udzalankhule."

"Nanga akapanda kundikonda?"

"Munthu wojambula mabenchi Atate sangamude."

Mabogi anapitirira kudutsa. Makamera onse anali kusitima, kupatula ya Cynthia.

* * *

Atafika ku Natuseko anapeza nsapato zakuda, zopukutidwa mpaka kuwala, zili pakhomo. Mtima wake unatsika. Ba Lawrence anali m'nyumba.

Lawrence Mwanza anali wolondera akaidi ku ndende ya Mukobeko, mwamuna wofatsa, wa mumpingo mwawo, makolo ake ochokera ku Katete monganso a Daka. M'mawa umene a Evaristo Daka, atate ake a Justina, anagwa m'bafa ndi sitiroko, alongo ake a Justina anali kutali, Christian ku migodi ya Solwezi, ena ku Lusaka. Amayi awo anali atamwalira kale. Ndi Lawrence amene anathamanga atamva kulira, n'kuwabereka a Daka kumsana mpaka kumsewu waukulu. Kuchokera tsiku limenelo ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu.

"Wabwera, Justina," anatero, lumo lili m'manja. "Mdala lero wadya bwino."

"Zikomo, Ba Lawrence."

Azakhali a Josephine, mlongo wawo wa a Daka, anamukodola kukhitchini ndipo anakankha chitseko ndi phazi.

"Wamva? Amupatsa nyumba ku Mukobeko. Madzi m'kati, bafa loti njinga ya olumala ya atate ako n'kulowa. Chipinda chimodzi wati n'cha atate ako. Tandiuza, ndi mwamuna uti masiku ano amene amatenga mkazi pamodzi ndi nkhalamba yodwala?"

"Anti, ine sindinavomere."

"Sunakanenso. Mtsikana wakwathu akakhala chete, akulu amamva."

"Mtima wanga suli kumeneko."

"Mtima?" Azakhaliwo anapukuta manja pachitenje. "Mtima unawabereka atate ako kupita kumsewu? Alongo ako amatumiza moni pa foni. Uyu amatumiza msana wake. Ukamukana, kutchalitchi tidzayang'ana kuti?"

Justina anatenga mbale n'kuyamba kutsuka zotsuka kale. Chimene chinkamupweteka n'chakuti azakhali ake sankanama. Lawrence akanakhala woipa, kukana kukanakhala kosavuta.

Madzulo ake, akuwamwetsa mankhwala, anayesa mwayi. "Atate, m'tauni muli anthu akusonkhanitsa mbiri ya njanji. Mmodzi wa iwo akufuna kudzacheza nanu."

A Daka anayamba ntchito akadali mnyamata, akusonkha malasha m'mainjini a nthunzi, mpaka anadzakhala dalaivala. Koma chichokereni pamene kampani inachepetsa anthu, dzina la sitima silinkatchulidwa m'nyumba imeneyo. Hutala ikalira, ankakweza wailesi.

"Sitima ndinatsika kalekale," anatero, mawu akutuluka movutikira kumbali imodzi ya pakamwa. "Anati pitani kunyumba. Tinapita."

Justina anawafunditsa bulangete, n'kutenga kapu. Ali pakhomo, anawamva akukonza kukhosi.

"Munthu wakoyo, Garati amaidziwa?"

"Sindikudziwa, Atate."

"Muuze abwere. Akapanda kuidziwa, abwerere pageti."

* * *

Lubinda anabwera Lamlungu masana. Anagwada patsogolo pa a Daka, n'kuomba m'manja monga amachitira Alozi kwawo.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Mulobezi, Atate."

"Kumene njanji inatopera," anatero a Daka, osamwetulira. "Wabweretsa chiyani?"

Lubinda anatulutsa chithunzi chachikulu cha Garati, injini yakale ya nthunzi, yaitali, ya thanki kutsogolo ndi malasha kumbuyo, imene anakaijambula kumalo osungirako zakale ku Livingstone. A Daka anachiika pamiyendo. Dzanja lawo labwino linayenda pang'onopang'ono pa chithunzicho, kuchokera ku chumuni mpaka pamene pamaima wosonkha moto.

"Apa," anatero. "Apa ndi pamene ndinapsera nsidze. Iwe, ukudziwa chimene chingaimitse chilombo chotere pakati pa tchire?"

"Njovu?"

"Njovu timaiimbira hutala, imachoka. Vinkubala. Timbozi tomwe tija timadya. Chaka china tinadzaza njanji pachitunda, magudumu n'kumangozungulira pamalo amodzi ngati galimoto m'matope. Dalaivala wanga, Mtonga wina wokwiya msanga, akutukwana. Mchenga wothira pa njanji unatha. Tinatsika tonse ndi nthambi, kusesa. Azimayi a m'midzi anabwera ndi madengu. Ife tikulira, iwo akukolola ndiwo."

Ndipo anaseka. Kunali kuseka kopotoka, kotuluka mbali imodzi, koma kunali kuseka. Azakhali a Josephine anasuzumira pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja, ngati amva mlendo wina walowa.

Justina anabwera ndi munkoyo m'makapu, n'kugwada. "Landirani, Ba Lubinda."

"Zikomo, mayi," anayankha Lubinda, maso ali pansi. Zala zawo zinakhudzana pa kapu, ndipo Justina anathawira kukhitchini asanagwetse thireyi.

Lamlungu lotsatira Lubinda anabweranso, ndi lotsatiranso. A Daka anayamba kufunsa malaya ositidwa kukadali m'mawa. Anafunsa ndodo yawo imene inali itaiwalika kuseri kwa kabati, ndipo tsiku lina anayenda okha mpaka pageti kukadikira mlendo wawo. Ankamutcha fayamani wanga, dzina la wosonkha moto mu injini. Ankakangana za milatho, za masiteshoni ang'onoang'ono amene anamera udzu, za mmene mvula imamvekera padenga la injini. Hutala ikalira kutali, wailesi sinkakwezedwanso. A Daka ankakweza chala n'kunena kuti, "Wachedwa ameneyo."

Justina akanayenera kukondwa. Koma mwamuna amene ankamukonda anali pabalaza pawo, pa mpando wa malemu amayi ake, ndipo iye sankatha ngakhale kukhala pansi n'kumuyang'ana. Ankalowa ndi thireyi, kugwada, kutuluka. Kale anali ndi Loweruka. Tsopano azakhali ake anali atayamba kumuperekeza kukwaya, akuti miyendo ikufuna kuongola, ndipo Loweruka nalo linatsekeka.

Tsiku lina Lubinda atangochoka, Justina anakaima kuseri kwa nyumba n'kulemba uthenga.

"Lero bwanjinso sunalankhule?"

"Unaona mmene amasekera? Ndikanayambira pati?"

"Anti sakugona. Nkhani ya Ba Lawrence ikuyenda."

Yankho linachedwa. "Akadziwa kuti ndinalowa m'nyumba mwawo ndi bodza, adzandiona ngati mbala. Ine atate anga anamwalira ndili wamng'ono, Justina. Mdala uyu akati fayamani wanga, ndimamva ngati ndapezanso atate."

Justina anaona kuti n'zoona, ndipo zinamukwiyitsa kwambiri chifukwa zinali zoona. "Ndiye unabwera kudzafunsira Atate kapena ine?"

Yankho linafika m'mawa. Uthenga umene anaupeza unali waufupi. "Lamlungu likudzali ndilankhula. Zivute zitani."

* * *

Lachinayi Justina anapita m'tauni kukatenga mankhwala. Akudikira minibasi pafupi ndi mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, galimoto yoyera inaima pambali pake, galasi n'kutsika.

"Kwerani, Ba Justina, ndikusiyeni," anatero Cynthia. "Dzuwa ili si la munthu."

Kukana kukanaoneka ngati mantha, choncho anakwera. Sanayende patali. Cynthia anaimika galimoto pamthunzi, n'kumupatsa foni.

"Mwa zithunzi zonse zimene ndinajambulapo, ichi ndiye chabwino. Sitima sinatuluke bwino, koma inu munatuluka."

Kumbuyo kunali mabogi a malasha, osaoneka bwino chifukwa cha liwiro. Kutsogolo kunali Justina, dzanja lili pachifuwa cha Lubinda, milomo ili pakhutu pake, maso atatsinzina. Palibe amene akanakhulupirira kuti ankangolankhula.

"Mukufuna chiyani, Ba Cynthia?"

"Ine Lubinda ndinamudziwa inu musanabwere. Ndayenda naye ku Kapiri, ku Mpika, tagona pa mabenchi kudikira sitima. Munthu uja ndi wa maulendo. Inu mungapite naye kuti? Pageti?" Mawu ake anali ofewa, ngati a munthu wolangiza mng'ono wake. "Muli naye kale wanu wa yunifolomu, Kabwe yense akudziwa. Simungagwire awiri. Mumasuleni."

"Zimenezo anene yekha Lubinda."

"Sanganene, ali ndi chisoni chambiri. Akukumverani chisoni, inu mukuyesa chikondi." Cynthia anatenga foni yake. "Kodi mukudziwa kuti amayi anga ndi Ba Josephine amavala chitenje chimodzi cha gulu la amayi la Anna Woyera? Amakumana Lachisanu lililonse."

Justina anatsegula chitseko n'kutsika. Anayenda wapansi mtunda wautali asanakumbukire kuti amafuna minibasi. Anaganiza zomuimbira Lubinda, koma mawu aja a chisoni anali atamulowa ngati minga. Akamuuza za chithunzi, Lubinda adzalankhula Lamlungu chifukwa chokakamizika, ndipo iye sadzadziwa mpaka kale ngati zinachokera mumtima. Anabweza foni m'chikwama.

* * *

Lamlungu, Misa itatha, Lawrence anamupeza pansi pa mtengo wa jakaranda kunja kwa tchalitchi. Anali atavala jekete yotuwa imene inkamuthina m'mapewa.

"Justina, ndikufuna ndilankhule nawe popanda azakhali ako."

"Ndikumva, Ba Lawrence."

"Amalume anga akonzeka kuchokera ku Katete. Koma ine sindine mwana. Ndikudziwa kuti sundikonda mmene anthu amakondanirana m'nyimbo." Anayang'ana zikhato zake zazikulu. "Tsiku lonse ine ndimagwira makiyi. Kutsegula, kuwerenga anthu, kutseka. Sindikufuna ndikaweruka ndizikachitanso zomwezo kunyumba kwanga. Ngati pali chimene ukufuna kundiuza, ndiuze pano. Sindikwiya."

Khomo linali lotseguka. Justina analiona. Mawu anali okonzeka palilime: pali wina, Ba Lawrence, ndikhululukireni. Anakoka mpweya.

"Lawrence, mwana wanga," anaitana a Daka kuchokera pa masitepe a tchalitchi. Azakhali a Josephine anali atakankha njinga yawo mpaka m'mphepete, n'kulephera kuitsitsa. "Dzanditsitse, awa andigwetsa."

Lawrence anathamanga. Anawanyamula a Daka m'manja ngati mwana, n'kutsika nawo pang'onopang'ono, kuwakhazika m'takisi, kuwakonza mwendo wakufa uja kuti usapanikizike ndi chitseko. Amayi a mumpingo ankayang'ana akugwedeza mitu moyamikira, ena akumuponyera Justina maso omuuza kuti ali ndi mwayi. Lawrence atabwerera, thukuta litadontha pa kolala, anafunsa, "Umati chiyani?"

"Palibe, Ba Lawrence."

Lawrence anamuyang'ana m'maso. Kenako anagwedeza mutu, n'kukamutsegulira chitseko cha takisi.

* * *

Masana ake Lubinda anafika atavala jekete ndi tayi, tsitsi litametedwa. Justina anamuona pazenera. Mawu a Cynthia anasungunuka. Munthu sangavale tayi pa dzuwa lotere chifukwa cha chisoni.

"Lero fayamani wanga wavala ngati bwana wa siteshoni," anatero a Daka. "Khala. Nanenso ndili ndi mawu."

Lawrence anali atatsalira kudya nawo chamasana, ndipo anali pa mpando wa pakona. Amuna awiriwo anapatsana moni wa manja. Anali atakumanapo kale m'nyumba yomweyo, wina atabwera kudzazonda, wina akujambula mawu a mdala.

Justina anali kukhitchini akuthira munkoyo pamene azakhali ake analowa n'kutseka chitseko. Sanakweze mawu.

"Chithunzi chija ndachiona."

Justina anaika jagi pansi.

"Kwaya yako ija ndi imeneyo. Ndipo unamulowetsa m'nyumba ya atate ako ngati mlendo, n'kumamugwadira pamaso pathu. Ine ndakhala chete kuyambira Lachisanu. Atate ako sanachione."

"Anti, Lubinda wabwera kudzalankhula mwaulemu. Akufuna kutumiza akwawo."

"Alankhule. Awauze achimwene anga kuti mnyamata amene amamudikira pageti ankawaseketsa kuti awabere mwana. Awauze pamaso pa munthu amene anawabereka kumsana." Azakhaliwo anayandikira. "Adokotala anati chiyani, iwe unalipo? Anati asakhumudwe, asadzidzimuke. Sitiroko yoyamba inawasiyira theka la thupi. Yachiwiri siisiya kanthu. Ukufuna uwaike m'manda ndi tayi ya Mlozi wakoyo, pita ukamulole alankhule."

"Anti, chonde."

"Bweretsa foni."

Justina anaipereka. Azakhali ake anaiika m'chitenje pachifuwa, n'kumunyamulitsa thireyi. "Pukuta nkhope. Alendo akudikira."

Atalowa pabalaza, anapeza Lubinda atasendera kutsogolo kwa mpando, manja ali pamodzi. "Atate, ine lero ndabwera ndi nkhani ina, yosakhudza sitima."

"Yamba wamva yanga, ndine wamkulu," anatero a Daka. Nkhope yawo inali yowala kuposa mmene Justina anaionera chigwereni. Anatambasula dzanja labwino lija n'kugwira la Lubinda. "Iwe unandipeza ndili mtembo wokhala pa mpando. Wandibwezera pakamwa. Ndilibe chokupatsa, koma ndikufuna ukhale nafe pa tsiku lalikulu la nyumba ino. Loweruka loyamba la mwezi wamawa, amalume ake a Lawrence akubwera ndi mbale kudzafunsira Justina. Mlongo wangayu ndi amene wandikumbutsa kuti wojambula tili naye kale. Sindikufuna mlendo. Ndikufuna fayamani wanga ajambule tsiku limene ndidzapereke chitsiriza changa, ndikadali ndi maso."

Justina anali atagwada ndi thireyi pakati pa balaza, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera.

Lubinda anatembenuka n'kumuyang'ana. Kanali koyamba kumuyang'ana m'maso m'nyumba imeneyo. Sanafunse ndi pakamwa, koma funso linali poyera: ndilankhule? Justina anaona dzanja la atate ake lili pa dzanja la Lubinda, anaona mtsempha ukugunda pambali pa mutu wawo. Kumbuyo kwake ankamva kupuma kwa azakhali ake.

Anapukusa mutu pang'ono. Ayi.

Anaona chinthu chikuzima pankhope ya Lubinda. Ankafuna kumuuza kuti ayi ameneyu ndi wa lero lokha, kuti si wa iye, kuti pali chithunzi, pali adokotala. Koma mutu umangodziwa kupukusa, sudziwa kufotokoza.

"Wavomera?" anafunsa a Daka.

"Ndidzajambula, Atate," anatero Lubinda. Mawu ake anali osalala ngati a munthu wowerenga chikwangwani.

"Ndinadziwa. Tsopano nkhani yako ija?"

"Yanga ingadikire. Sinali yaikulu."

Munkoyo sanaumwe. Anakhala pang'ono chifukwa cha ulemu, akuyankha mafunso a mdala ndi mawu amodziamodzi, kenako anati mutu ukumupweteka, n'kunyamula chikwama cha kamera. Justina anaimirira msanga.

"Ndiwaperekeze alendo pageti."

"Mbale zikukudikira," anatero azakhali a Josephine, ataima pakhomo.

Pamenepo Lawrence anadzuka pa mpando wa pakona. Kuchokera pakonapo ankaona balaza lonse, ndipo Justina anazindikira mochedwa kuti pamene ankapukusa mutu, nkhope yake inali moyang'anana ndi iye.

"Musavutike, Anti," anatero Lawrence, akuvala jekete yake modekha. "Ba Lubinda ndiwaperekeza ndine. Ine ndi iwo tili ndi zokambirana."

Justina anathamangira pazenera la khitchini. Anawaona akutuluka pageti, wina wamtali wowonda, wina wamapewa otambalala, akuyenda osayang'anana. Atafika pamphambano yopita kokwerera minibasi, Lawrence anaika dzanja paphewa la Lubinda, n'kumulozera njira inayo, yopita ku Mukobeko. Lubinda anaima kanthawi. Kenako anamutsatira.

"Justina," anaitana a Daka kuchokera pabalaza, mawu ali odzaza chimwemwe. "Bwera undiuze, tsiku limenelo ndidzavale suti iti?"